Mtengo Wosasonkhera Moto

Ine ndine munthu wosafunsa. Amayi anandinena kuyambira ndili kamtsikana kuti ndikaganiza chinthu ndimayamba ndachita, kufunsa pambuyo, ndipo khalidwe limeneli ndinapita nalo ku London limodzi ndi zitenje zanga ziwiri. Kwathu ku Ntcheu ndinachokako banja litatha. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pabanja popanda mwana, apongozi anatopa nane, inenso ndinatopa ndi kuyang'anidwa pamimba ndi mudzi wonse. Mnzanga wa kusukulu, Esnati, anali atatsogola kale, ndipo ndiye anandilembera kuti kumeneko okalamba ndi ambiri koma owasamala ndi ochepa. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu wa tala. Sanalire. Anangondikonza kolala ya bulauzi n'kundiuza kuti ndisakachedwe.

Ndinachedwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chondichedwetsa chinali mapepala. Ndinalowa ngati mlendo wodzacheza, kenako ndinalembetsa pa kakoleji kena ka pamwamba pa shopu kuti ndipeze viza ya mwana wasukulu. Kakolejiko katatsekedwa, viza yanga inathera pomwepo. Ntchito ndinkagwirabe, poti ejensi yomwe inkatituma sinkakonda kufunsa zambiri, koma khomo linatsala lotulukira lokha. Ndikanakwera ndege kupita kwathu, kubwereranso kunalibe. Choncho amayi akandifunsa pa foni kuti ndibwera liti, ndinkati chaka cha mawa. Iwo ankayankha kuti chabwino, n'kuyamba kundiuza za mbuzi.

Tinkakhala ku Edmonton, Amalawi asanu ndi awiri m'nyumba ya zipinda zitatu. Ine ndi Esnati tinali ndi bedi limodzi, koma sitinkaphangirana chifukwa nthawi zathu zinali zosiyana: ine ndikamadzuka kupita kuntchito, iye ndiye akubwera kuchokera kuntchito yake ya usiku kuchipatala kudzalowa m'bulangeti lofunda kale. Tinkakangana za hita ndi za amene wamaliza mafuta ophikira, koma wina akadwala nyumba yonse inkamuphikira phala. Munthu akabwera kuchokera kumudzi ndi kathumba ka usipa kapena mfutso, tinkagawana pang'onopang'ono ngati mankhwala. Zomwe ndinkatumiza zinafolera nyumba ya amayi ndi malata ndi kuphunzitsa ana a achimwene. Nyumbayo ndinkangoidziwa pachithunzi.

Ntchito yanga inali yoyenda khomo ndi khomo ku Tottenham. Pano ola limodzi, apo theka la ola, kudzutsa nkhalamba, kuzisambitsa, kuzipatsa mapiritsi ndi tiyi, kenako kuthamangira basi mvula ili m'khosi. Ena ankandibisira supuni poganiza kuti ndiba. Ena ankanditchula dzina la mwana wawo amene sanabwere zaka zambiri. Ambiri ndawaiwala nkhope, Mulungu andikhululukire. Koma panali nyumba ina yopyapyala ya chitseko chobiriwira imene ndinkapitako m'mawa ndi masana, masiku onse kupatula Lamulungu, kwa zaka zinayi. Munkakhala a Loreta.

A Loreta anali akuda ngati ine, koma Chingerezi chawo chinali chokoka, chosiyana ndi cha anthu a mumsewumo. Kwawo kunali ku Amerika, dera la Virginia. Anakwatiwa ali mtsikana ndi bambo wa ku Jamaica wogwira ntchito m'sitima zapamadzi, amene anawabweretsa ku Tottenham, n'kudzamwalira kuwasiya okha m'nyumbamo. Tsiku loyamba tinayambana. Ku ejensi anatiphunzitsa kuitana okalamba ndi dzina lokhalokha, koma pakamwa panga panakana, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu kumutchula ngati mnzanga wa kuchigayo. Ndinati mayi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti iwo si mayi wa munthu aliyense. Tinagwirizana kuti ndiziti Misi Loreta, iwo n'kumanditchula kuti mwana, ngakhale imvi zinali zitayamba kale kundituluka.

Anali ovuta mokoma. Tiyi wanga ankati ndi madzi otsukira mbale. Manja anga ankati ndimawasunga mufiriji dala kuti ndiwazunze. Inenso sindinkangokhala chete, ndinkawauza kuti kwathu nkhalamba yolongolola chonchi timaitumiza kukapirikitsa mbalame m'munda wa mapira, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anandifunsa kuti ana anga ndinawasiya ndi ndani. Ndinawauza zoona. Sananene mawu achisoni amene anthu amakonda kunena. Anangondiuza kuti nditenge keke mukabati, ndipo podula anandipatsa chidutswa chachikulu. Kuyambira pamenepo ndinawakonda ngati wanga.

Wachibale yekha amene ndinamuonapo anali mphwake wa malemu amuna awo. Ankabwera mwa apo ndi apo, osakhala pansi, maso ali pa makoma ndi padenga. Chaka chachinayi chija anabwera ndi mzungu wina wonyamula tepi yoyezera, anazungulira zipinda zonse, n'kumapita osamwa ndi tiyi yemwe. Pasanathe mwezi a Loreta anatuluka chilonda pamwendo, ndipo chinakana kupola. Chakudya anayamba kusiya m'mbale. Anamwino anati bedi lawo likufunika matiresi ena apadera, ndipo tsiku lomwe matiresiwo anabwera, ine ndinatsala ndekha kuchipinda kuchotsa akale, eni ake ali pampando kuchipinda chochezera.

Nditanyamula matiresi akalewo, kumutu kwa bedi, pakati pa matabwa, ndinapeza kansalu kofiira kothimbirira, komangidwa ndi ulusi. Ndinamasula. Munali mizu itatu yotalika ngati chala, khungwa lake lofiirira, fungo lake lotsekemera ngati sopo wosakaniza ndi maswiti. Ine ndinakulira kumudzi. Nkhalamba ili ndi nyumba, wachibale wayamba kuyeza makoma, chilonda sichikupola, ndiye pansi pa mutu papezeke mizu yomanga m'nsalu yofiira, pamenepo panalibenso chofunsa. Komanso kwathu wodwala sauzidwa kuti pogona pake papezeka zinthu, mtima ungamuduke. Wopezayo amachotsa mwakachetechete. Ndinakulunga kansaluko m'majumbo awiri, ndipo m'basi ndinakagwirira kutali ndi thupi langa ulendo wonse.

Esnati atangoona anadumphira pakhomo.

"Iwe, wakwera nazo basi zimenezi? Ndiye walowa nazo m'nyumba muno, serious? Tulutsa panja, please."

Linali Loweruka masana. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kabwalo ka simenti koyanikapo zovala. Tinatenga chitini cha mabisiketi, tinaikamo manyuzipepala ndi timatabwa ta kabati yothyoka, n'kuyatsa. Tinamanga mipango kumutu, tinapemphera, tinayimba nyimbo ziwiri za m'buku, ndipo ine ndi dzanja langa ndinaponya mizu ija pamoto. Inayamba kuthetheka, kuphulika ngati chimanga chokazinga, n'kumalavula timoto mbali zonse. Esnati anandigwira mkono n'kunena kuti ndamva, zikukana kupsa. Tinakweza nyimbo. Utsi wake unanunkhira bwino moti ndinachita nawo mantha kwambiri, poti tinaphunzitsidwa kuti woipayo amabwera mokongola. Phulusa tinakalitaya mu ngalande ya pamsewu.

Chilonda chinayamba kupola. Anamwino ankati ndi matiresi atsopano ndi mabandeji awo, ine ndinkangomwetulira ngati munthu wodziwa zambiri. Milungu imeneyo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Chisanu chitatha, mitengo ya mumsewu itayamba kuphukira, a Loreta anadzuka tsiku lina ali osangalala. Ndikuwaveka masokosi anandiuza kuti ndipise dzanja kumutu kwa bedi, pakati pa matabwa, ndiwatengere sasafurasi wawo. Anati chaka chilichonse nyengo imeneyi amamutulutsa kuti amununkhize, koma chaka chino mkono sukufika. Dzinalo ndinali ndisanalimvepo, komabe ndinadziwa nthawi yomweyo chimene akunena. Ndinagwada pa kapeti monga timachitira kwathu tikalakwira wamkulu, ndipo ndinaulula zonse, za mphwake uja, za chilonda, za nsalu yofiira. Anamvetsera osandidula. Nditafika pa za ufiti milomo yawo inanjenjemera ngati afuna kuseka. Kenako anafunsa ngati ndinataya mu bini, poti mwina akadali momwemo.

"Ayi, Misi Loreta. Ndinatentha."

Kuseka kuja kunazimiririka.

"Ndi dzanja lako?"

"Ndi dzanja langa."

"Mwana, mayi ako ali moyo?"

Ndinayembekeza kukalipiridwa, ngakhale kuchotsedwa ntchito, koma funso limeneli sindinaliyembekeze. Ndinati ali moyo. Anandiuza kuti ndidzuke pansipo, ndikhale pabedi, ndimve.

Anati sasafurasi ndi mtengo wa kwawo. Umamera paliponse, m'mphepete mwa minda ndi m'mabwinja, ndipo mtengo umodzi womwewo umakhala ndi masamba a mitundu itatu: lina losalala m'mbali, lina ngati chikhatho chotulutsa chala chachikulu chokha, lina la nsonga zitatu. Chisanu chikamatha, mayi awo ankatuma ana kukakumba mizu, kuitsuka, n'kuiwiritsa mpaka madzi afiire. Aliyense m'nyumba ankamwa, wofuna ndi wosafuna yemwe, akuti kusungunula magazi amene alimba ndi kuzizira ndi nyama yamchere. Mwana akadwala chikuku ankamumwetsa kuti chituluke msanga. Masamba ouma ankawasinja n'kuthira mumsuzi kuti unande ngati therere. Nthambi zake ankazipingasa m'khola kuti nkhuku zizigonapo, utitiri usabwere. Bedi lokhala ndi mtengowu nsikidzi sizifikako, ndipo akuluakulu ankati ngakhale zoipa zosaoneka zimalilambalala, munthu amagona mtima uli m'malo. Zonsezi zinali zololedwa. Choletsedwa chinali chimodzi, ndipo mwana aliyense ankachidziwa asanadziwe kuwerenga: sasafurasi sasonkhera moto. Wotentha mtengowu mayi ake amathyoka msana, n'kufa.

Kenako anandiuza zimene anati sanauzepo ngakhale amuna awo. Sabata yomwe ankachoka kwawo, iwo ndi mayi awo sankayankhulana bwino, chifukwa mayiwo sanafune kuti mwana wawo apite kutsidya kwa nyanja ndi munthu wa m'sitima. M'mawa wina nkhuni zinali zonyowa. A Loreta anatola nthambi zouma za m'khola la nkhuku n'kuziponya mu mbaula, akudziwa bwino lomwe kuti ndi mtengo wanji. Mayi awo atamva kuthetheka anatulukira n'kufunsa ngati akufuna kuwapha. Iwo anaseka, nati zimenezo ndi za anthu osaphunzira. Patapita zaka ziwiri kalata inafika ku Tottenham yonena kuti mayi aja anagwa pa masitepe a khonde, sanadzukenso, ndipo anaikidwa kale. Mizu ija anawatumizira mlongo wawo patapita zaka zambiri, ataikumba kuseri kwa nyumba ya mayi awo malowo asanagulitsidwe. Mlongoyo nayenso anapita. Chimene ndinatentha m'chitini cha mabisiketi chinali chotsala chokha cha kwawo.

Ndinalira ndi manyazi. Koma liuma langa silinathe, moti nditapukuta misozi ndinawauza kuti za msanazo asadandaule nazo, ine ndine mkhristu, zoterezi sindikhulupirira.

"Wosakhulupirira amayimbira mizu nyimbo ziwiri?" anatero.



Lamulungu lotsatira nditatuluka m'tchalitchi ndinakwera mabasi mpaka ku Peckham, dzina la mtengo nditalilemba padzanja. Ndinalowa mashopu onse ogulitsa zitsamba, makandulo amitundumitundu ndi timabotolo ta mafuta. Mayi wina wa ku Nigeria anandigulitsa khungwa lowawa n'kulumbira kuti ndi lomwelo, ndipo nditanunkhiza panja ndinalisiya pa benchi. Pomaliza ndinapeza mkulu wina wa ku Jamaica m'kashopu kopanikizika, amene anatsitsa botolo lafumbi pashelefu ya pamwamba. Atangotsegula, fungo la tsiku la chitini lija linandimenya kumaso. Pondipimira anandichenjeza kuti amene ndikuwagulirawo asakamwe wambiri, madokotala amati amawononga chiwindi, n'chifukwa chake masiku ano sapezeka wamba.

A Loreta anathira tizidutswato pachikhatho n'kutseka maso nthawi yaitali. Anati ndi yemweyo, kungoti ndi wa m'munda wa eni. Anamwino atamva anakaniza kumwa chifukwa cha mapiritsi a magazi amene ankalandira, ndiye tinkangowiritsa m'kapoto kuti nthunzi idzaze khitchini. Madzi akafiira ndinkathira m'kapu yawo ya maluwa, iwo n'kuigwira ndi manja awiri, kunyowetsa milomo pang'ono, basi. Masiku amenewo tinacheza kuposa zaka zonse. Iwo akatchula ntchito ya mtengo wawo, ine ndinkatchula wa kwathu wofanana nawo, mpungabwi wopirikitsa udzudzu, muwawani wa m'mimba, ndi mizu imene agogo ankakwirira pakhomo potsirika nyumba. Tinkapikisana ngati ana, ndipo akaluza ankati ndikupeka. Za kutentha kuja sanandidzudzulenso. Koma tsiku lililonse ndikamavala jekete kuti ndizipita, ankafunsa ngati ndagula tikiti.

Ndinkaseka. Ndinawafotokozera za mapepala, kuti ndikapita ndapitiratu, koma anangogwedeza mutu ngati ndawauza za nyengo. Ndiye Loweruka lina ndinagula kadi ya foni, ndinakanda manambala, n'kuimbira achimwene, poti amayi analibe foni yawoyawo. Tinakamba za feteleza ndi za maliro a m'mudzi. Nditafunsa za amayi anati ali bwinobwino, kungoti msana ndi umene ukuwavuta, dzana sanapite n'kudimba komwe. Ananena mopepuka, n'kupitiriza za njinga imene inkafunika matayala. Ine za matayalazo sindinazimve.

Amayi ankadandaula msana kuyambira ine ndili kusukulu. Mayi aliyense wolima amadandaula msana. Ndinadziuza zimenezi m'basi, m'bafa ndi pa mzere wa mushopu, koma chakudya chinaleka kulowa. Esnati anaona, ndipo nditamuuza zimene ndikuganiza anakhala pansi nsapato imodzi ili kuphazi.

"Ukufuna kusiya zonse chifukwa cha ka superstition ka gogo wa ku America? Nanenso ndinalipo potentha paja, mayi anga ali fine. Ukapita subweranso, ukudziwa. Ukakadya chani kumudzi?"

Ndinamukumbutsa kuti woponya pamoto ndinali ine. Anandiyang'ana, n'kunena kuti zaka zonsezi ankaganiza kuti wamantha ndi iye. Sanalakwe pa chilichonse chimene ananena, ndipo ndimamukonda mpaka lero chifukwa sanandinamize.

Chimene chinkandigwira mwendo kwenikweni sichinali ntchito. Lolemba m'mawa, nditawakhazika a Loreta pampando wawo wa pawindo, ndinawauza za foni ija. Kenako ndinanena zimene zinali kukhosi, kuti ndikapita sadzandionanso, ndipo palibe wina akudziwa kuti madzi osamba amawafuna otentha bwanji, kapena kuti akati sakufuna kudya ndiye kuti akufuna kunyengereredwa. Ndinafunsa kuti adzawasamala ndani.

"Ejensi itumiza wina wa manja ozizira," anatero. "Tamvera, mwana. Ine sindidziwa ngati mtengo umapha munthu. Ndakhala ndikudzifunsa zaka makumi asanu ndi limodzi, yankho ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka ziwiri zija mayi anga anali moyo, sitima zinkapita mwezi ndi mwezi, amuna anga akanandipezera malo, koma ine ndinkati ndipita zinthu zikakhala bwino. Iwe uli ndi mayi. Ine ndine ntchito chabe."

Ndinawauza kuti akunama, si ntchito chabe. Anati akudziwa, koma ndipitebe.

Tikiti ndinagula sabata yomweyo. Tsiku lomaliza ndinawaluka tsitsi mizere isanu ndi umodzi, yolimba, kuti ikhalitse, poti sindinkadziwa ngati wobwerayo adzadziwa kuluka. Ndinalemba papepala zonse zimene amakonda ndi zimene amadana nazo n'kumata pa firiji. Kutsanzikana anakana. Anati ku Virginia satsanzikana ndi munthu wopita kwa mayi ake, zomwe ndikukhulupirira kuti anapeka pomwepo. Nditafika pakhomo anandikuwira kuti nditseke chitseko bwino, kutentha kukuthawa. Ndinatseka, n'kuima pa sitepe mpaka basi ziwiri zinandidutsa. Pabwalo la ndege bambo wa imigiresheni anatembenuza pasipoti yanga, anawerenga zaka ndi zala, n'kundiuza kuti ndisayembekeze kuloledwanso. Ndinati ndikudziwa.

Kumudzi ndinapeza zinthu zitasuntha. Achimwene anali ndi dazi. Ana awo amene ndinawasiya akuyamwa chala anandipatsa moni wa Chingerezi n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Alamu anayang'ana masutikesi anga awiri, anayang'ananso kumsewu ngati ena akubwera m'mbuyo. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti andithamangitsa. Amayi sindinawapeze pamphasa monga ndinkaopera ulendo wonse. Anali kudimba, atawerama, akukumba mbatatesi. Anachepa thupi, mano a kutsogolo anatha, koma khasu linali m'manja. Atandiona anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, wabwera osanena? Kwagwanji?"

Ndinafunsa za msana. Anati msana wa munthu wamkulu umapweteka basi, anauthowa ndi madzi otentha masiku awiri n'kusiya. Anandikalipira kuti ndasiya ntchito yabwino chifukwa cha nkhani za achimwene, amene sadziwa kusiyanitsa matenda ndi kutopa. Akukalipa choncho anali atandigwira dzanja, ndipo sanalisiye mpaka tinafika kunyumba. Mbatatesi zinatsala kudimba, anakazitenga ndi alamu.

Nkhani yonse ndinawauza patapita masiku atatu, tili pakhonde tikusankha nyemba. Pa za chitini ndi nyimbo ziwiri anaseka mpaka misozi. Pa za mtengo wosasonkhera moto sanadabwe, anati kwathu kunonso ilipo mitengo imene munthu wanzeru satola ngakhale nkhuni zitasowa. Koma nditafika pa tsiku lomaliza lija, manja awo anaima m'lichero. Anafunsa ngati mayi amenewo ali ndi ana. Ndinati alibe. Abale? Ndinatchula mphwake wa tepi uja.

"Ndiye wawasiyira ndani?"

Ndinati ejensi itumiza munthu. Anafunsa kuti ejensi ndi mbale wawo wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Nditalongosola, anakutumula chitenje n'kunena kuti ndikabwereke foni ya achimwene.

Masiku amenewo foni inkagwira pa kaphiri ka kuseri kwa sukulu pokha. Tinakwera dzuwa likupendeka, amayi patsogolo, osalola kugwiridwa mkono. Nditaimba kwa a Loreta, anayankha ndi mtsikana wa mawu achilendo, wolowa m'malo mwanga, ndipo ndinamva mapazi ake akupita nayo foni pawindo. A Loreta atamva mawu anga sanandipatse moni. Anafunsa ngati ndawapeza. Ndinati ndawapeza, ali pano, akwera phiri ndi miyendo yawo. Anati ndiwapatse.

Amayi analandira foni ndi manja awiri, anapinda maondo pang'ono ngati munthuyo ali patsogolo pawo, n'kuyankhula mokweza m'Chichewa.

"Mayi, ndine make wa mwana uja. Wafika bwino. Mwandibwezera mwana wanga inu n'kutsala nokha. Ine chokupatsani ndilibe. Zikomo, mayi. Zikomo kwambiri."

Anapitiriza, kuwauza za mvula, za mbatatesi, ndi kuti mwanayu ndi waliuma koma mtima wake ndi wabwino, amukhululukire za mizu. Kumbali inayo ndinkamva a Loreta akuvomera m'Chingerezi chawo chokoka pamalo oyenera ponse, ngati akumva liwu lililonse. Nditatenga foni kuti ndimasulire, anandiletsa. Anati ndisawononge mayunitsi, amva. Anangofunsa ngati amayi andikalipira kale, ndipo nditati kuyambira tsiku loyamba, anaseka n'kunena kuti ndiye kuti ali bwino. Foni inaduka akuseka.

Ndinaimbanso kangapo miyezi yotsatira. Kenako tsiku lina inangoitana osayankhidwa, ndipo ulendo wina inati nambalayo kulibe. Esnati anapita kukaona, anapeza chitseko chobiriwira chija atachipaka utoto wina. Woyandikana nawo nyumba anamuuza kuti anawatengera kunyumba yosungira okalamba chisanu chitayamba, ndipo sanakhalitseko.

Amayi anakhala nane mvula zisanu. Sanathyoke msana. Anangofooka pang'onopang'ono monga amachitira anthu amene agwira ntchito yawo yonse, ndipo miyezi yomaliza sankatha kudzuka okha. Ntchito imene ndinaiphunzira m'nyumba za eni ku Tottenham ndinaigwira pa mayi anga, m'mawa ndi masana, osathamangira basi. Ndinawasambitsa ndine mpaka tsiku lomaliza. A Loreta sindidziwa anawasambitsa ndani.